Khonsolo ikakulemberani kuti mufotokoze chifukwa: poyankha ndi popita kukhoti

Kalata imene khonsolo imalembera munthu kuti afotokoze chifukwa choti asalandidwe chiphaso, asatsekeredwe malo a bizinesi kapena asagwetseredwe nyumba, anthu ambiri amaiwerenga ngati chigamulo. Si chigamulo ayi. Ndi kukuitanani kuti muyankhe nkhani isanagamulidwe. Ogwira ntchito kukhonsolo ndi maloya amangoti show cause, ndipo amene samvetsa kuti kalatayi ndi chiyambi chabe ndi amene amataya ndalama kukhoti n'kubwerako chimanjamanja.

Kuno ku Salima makalata otere amafika kwa anthu osiyanasiyana: womanga nyumba yogona alendo ku Senga Bay popanda pulani yovomerezedwa, mwini bala pa Kamuzu Road amene oyandikana naye adandaula za phokoso, wophika zakudya amene a zaumoyo amupeza alibe chimbudzi m'nyengo ya kolera, kapena wamalonda amene shedi yake yalowa m'malire a msewu. Nkhani zawo n'zosiyana, koma funso limakhala limodzi: ndiyankhe, kapena ndikatenge chiletso?

Chifukwa chimene khonsolo imalembera kaye

Malamulo aakulu a dziko lino, a mu 1994, ali ndi ndime 43. Ndimeyi ikuti munthu amene ufulu wake kapena zomukhudza zingasokonezedwe ndi ofesi ya boma ayenera kuchitiridwa zinthu motsatira lamulo ndiponso mwachilungamo, chiganizocho chizigwirizana ndi zifukwa zimene zaperekedwa, ndipo zifukwazo apatsidwe molemba. Mfundo yoti munthu amvedwe kaye ndi yakale kuposa pamenepo. Mu 1863, pa mlandu wa Cooper v Wandsworth Board of Works ku London, bungwe loyang'anira zomangamanga linagwetsa nyumba ya munthu amene anayamba kumanga osapereka chidziwitso cha masiku 7 chimene lamulo linkafuna. Mphamvu yogwetsa bungwelo linali nayodi, koma khoti linati silikanayenera kuigwiritsa ntchito mwini nyumba asanamvedwe.

Choncho khonsolo imene yakulemberani kuti mufotokoze mbali yanu ikuchita zimene lamulo likuiuza. Mukapita kwa woweruza n'kunena kuti akuletsereni kalatayo, funso lake loyamba likhala lakuti: kodi mwayankha? Mukati ayi, kawirikawiri amati mwabwera msanga, palibe chiganizo choti achiunike, kayankheni kaye. Ndipo masiku amene kalata inakupatsani amakhala akutha muli pa msewu wa ku Lilongwe.

Kuwerenga kalata ndi kuiyankha

Tsiku limene mwailandira, lembani pa envelopu deti, nthawi ndi dzina la amene wabwera nayo. Kalata ikhoza kulembedwa pa 3 mwezi n'kukufikani pa 9, ndipo mkangano wa masiku umayambira pamenepo. Ngati anaisiya kwa mlonda kapena kwa mwana wa m'sitolo, lembaninso zimenezo.

Kenako onani amene wasaina ndi udindo wake, lamulo ndi ndime zimene atchula, cholakwa chenicheni chimene akunena, chimene akufuna kuchita mukalephera kuwakhutiritsa, ndi masiku amene akupatsani. Kalata yolembedwa bwino imanena kuti pa deti lakuti woyendera malo anapeza chakuti, chomwe chikuphwanya ndime yakuti. Kalata yongoti "mwaphwanya malamulo a khonsolo" ili ndi chilema, koma chilemacho si chifukwa choikhazika pansi. Yankhani mkati mwa masikuwo, ndipo m'yankho lomwelo pemphani kuti akuuzeni ndime yake, akupatseni lipoti la woyendera malo, komanso madandaulo amene analandira. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani zosungidwa ndi maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, limakuthandizani pa pempho lotere.

Yankho likhale lolemba. Kupita kukaonana ndi bwana wa kuofesi n'kugwirizana pakamwa kuti nkhani yatha sikusiya umboni uliwonse, ndipo bwanayo akasamutsidwa faelo imaoneka ngati simunayankhe. Konzani makope awiri, limodzi musiye ku ofesi ya DC, linalo akudindireni chidindo cha tsikulo mubwere nalo. Akakana kudinda, pitani ndi mboni ndipo tumizaninso kalatayo pa njira ina yosiya umboni.

M'yankhomo tsatani cholakwa chilichonse pachokha: chimene mukukana, chimene mukuvomera, ndi chimene mwakonza kale. Phatikizani mafotokope a chiphaso, malisiti, pulani yodindidwa, zikalata za malo ndi zithunzi. Mapepala enieniwo sungani kunyumba. Pemphani kuti akupatseni tsiku lokaonekera pamaso pa komiti imene igamule, ndiponso kuti asachite kanthu mpaka atakupatsani chiganizo cholembedwa ndi zifukwa zake. Ngati mukuona kuti khonsolo ilibe mphamvu pa nkhaniyo, nenani zimenezo m'ndime yoyamba, kenako yankhanibe zinazo mutalemba kuti kuyankhako sikutanthauza kuti mwavomera mphamvu yawo. Masiku akachepa, pemphani owonjezera asanathe, ndipo tchulani chifukwa.

Pali mapepala awiri amene anthu amawadalira mopitirira muyeso. Loyamba ndi kalata ya amfumu. Imathandiza pa nkhani yoti malowo munawapeza bwanji, koma si chilolezo chomangira. Lachiwiri ndi malisiti a msonkho wa pamsika kapena wa malo. Kuti khonsolo yakhala ikulandira ndalama zanu zaka zambiri ndi mfundo yoti muitchule, makamaka pa funso loti akupatseni nthawi yokwanira, koma lisiti silisandutsa nyumba yopanda pulani kukhala yovomerezeka. Ndipo amene angakunong'onezeni kuti "mungopereka kangachepe faelo isowa" akukulowetsani m'mlandu wa ziphuphu, kalata ija ikadali pompo.

Pamene khoti limalowerera kalata isanayankhidwe

Khomo si lotsekeratu. Pali nthawi zimene woweruza amavomera kuti kudikira chigamulo cha khonsolo n'kopanda phindu.

Yamphamvu kuposa zonse ndi yoti khonsolo ilibe mphamvu pa zimene ikufuna kuchitazo. Khonsolo ilibe mphamvu yobadwa nayo. Iliyonse imachokera m'lamulo lolembedwa, monga Local Government Act ya 1998, Physical Planning Act ya 2016, Public Health Act, Liquor Act, kapena malamulo aang'ono amene khonsoloyo yapanga. Tiyerekeze kuti mabanja awiri ku Chipoka akulimbirana munda, ndipo banja limodzi lalandira kalata yoti lifotokoze chifukwa choti lisachotsedwe pamalopo popeza ndi a banja linalo. Kugamula mwini malo si ntchito ya ofesi yoona za mapulani. Nkhani yotere ili ndi mabwalo ake. Kalata yotere mungaitsutse kuyambira pa tsinde. Chimodzimodzi ngati lamulo laling'ono limene atchula linangokambidwa pa msonkhano wa makhansala koma silinavomerezedwe ndi nduna n'kusindikizidwa m'Gazette. Funsani kope yake yosindikizidwa. Onaninso wosaina: khansala wa wodi payekha, kapena wapampando wa komiti ya msika, alibe mphamvu yolanda chiphaso, ngakhale atalemba pa pepala la khonsolo.

Yachiwiri ndi pamene kalata ikunamizira kufunsa koma nkhani inagamulidwa kale. Mawu ake amaulula: "khonsolo yatsimikiza kuti igwetse nyumbayi, fotokozani pasanathe masiku atatu." Zochitika zimaululanso, monga loko woikidwa pachitseko tsiku lomwe kalata yafika, kapena malo anu a pamsika kupatsidwa kale kwa wina. Apa mfundo yanu kukhoti ndi yakuti chiganizo chilipo kale ndipo chinapangidwa musanamvedwe. Dziwani komabe kuti pa zoopsa za umoyo wa anthu, monga mliri, makhoti amalola kuti ofesi ichitepo kanthu msanga n'kumvetsera pambuyo.

Yachitatu ndi kalata yosatheka kuiyankha: yosatchula cholakwa, kapena yopereka maola 24 Lachisanu madzulo pa nkhani yofuna mapepala a ku Lilongwe. Iyi imalimba pokhapokha ngati munapempha tsatanetsatane kapena nthawi, iwo n'kukana kapena kungokhala chete. Popanda kalata yanu yopemphayo, woweruza amafunsa kuti munalekeranji kupempha.

Ina ndi kukondera kapena chiwembu, ndipo iyi ndi imene aliyense amaikonda koma ndi yovuta kuitsimikiza. Kunena kuti "amadana nane chifukwa cha chipani" popanda pepala kapena mboni sikupita patali. Koma ngati mmodzi wa anthu a m'komiti yogamula ali ndi bala moyang'anizana ndi lanu, ndipo sanatuluke pokambirana nkhani yanu, pamenepo pali chogwirika. Kunena kuti "enanso amanga popanda pulani, bwanji ine ndekha" nakonso sikupulumutsa munthu pakokha. Kulakwa kwa mnansi sikuchotsa kwanu.

Ena amafuna kutsutsa kuti chiganizo cha khonsolo n'chopanda nzeru. Muyeso wake ndi wokwera kwambiri. Unachokera pa mlandu wa mu 1948 wa khonsolo ya Wednesbury ku England, imene inalola nyumba yoonetsera kanema kutsegula Lamlungu koma n'kuletsa ana osakwana zaka 15 kulowamo. Khoti linati lingalowerere pokhapokha chiganizo chikhale choti palibe khonsolo yoganiza bwino ingachipange, ndipo eni kanemawo anagonja. Ndime 43 yathu imapatsa woweruza mpata wokulirapo wofunsa ngati zifukwa zikugwirizana ndi chiganizo, koma samakhala pampando wa khonsolo n'kusankha zimene iye akanakonda.

Njira zina zimene khoti limafuna kuti muyambe mwadutsamo

Musanalembe loya ntchito, onani ngati lamulo limene latchulidwa lili ndi apilo yake. Pa nkhani za mapulani, Physical Planning Act inakhazikitsa Physical Planning Council imene imamva madandaulo a anthu osakhutira ndi ziganizo za okonza mapulani. Nthawi yochitira apilo imakhala yochepa, choncho iwerengeni m'kalata kapena m'lamulolo tsiku lomwelo. Ngati mwapatsidwanso lamulo loti muimitse ntchito yomanga, imitsani. Kuika denga usiku kuti aipeze itatha kumangoonjezera mlandu, ndipo woweruza amene mudzamupemphe chiletso adzamva za dengalo.

Pa nkhani za ukhondo, Public Health Act imati khonsolo ipereke chidziwitso choti munthu achotse chonyansa kapena choopsa pa nthawi yoikika, ndipo akalephera nkhani ipite kwa majisitireti. Apa ndiye kuti mpata woyankha muupeza pa khoti la pa boma pompano, osafunika kupita kutali. Ofesi ya Ombudsman imalandira madandaulo a kuponderezedwa ndi maofesi a boma popanda malipiro, koma ndime 123 ya malamulo aakulu a dziko imaipatsa nkhani zimene zilibe njira ina yooneka ya kukhoti kapena apilo, ndipo si kumene mungathamangire kuti aimitse thirakitala ya mawa mmawa. Wogwira ntchito kukhonsolo amene walandira show cause ya pantchito ali pa njira inanso: ayankhe, adikire chiganizo, ndipo akachotsedwa mopanda chilungamo nkhani yake kawirikawiri imapita ku Industrial Relations Court, khoti loona milandu ya pantchito.

Mmene mlandu umayendera ku High Court

Kuunikanso chiganizo cha ofesi ya boma, kumene maloya amati judicial review, ndi ntchito ya High Court. Ndime 108 ya malamulo aakulu a dziko ndi imene imapatsa bwaloli mphamvuyo. Majisitireti wa pa Salima sangathe. Kwa ife kuno, mapepala amakasiyidwa ku High Court ya ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14. Ndondomeko yake ili mu Order 19 ya malamulo a kayendetsedwe ka milandu ku High Court a mu 2017.

Mumayamba ndi kupempha chilolezo cha khoti. Pempholi limapita kwa woweruza mbali inayo isanaitanidwe, ngakhale iye akhoza kulamula kuti a khonsolo abwere adzamveke. Amayang'ana ngati nkhaniyo ikukukhudzani mokwanira, ngati pali mfundo yoyenera kukambidwa, ngati mwabwera pa nthawi yake, ndiponso ngati panalibe njira ina yoyenera. Milandu yambiri ya show cause imafera pano.

Nthawi yake ndi iyi: mubwere mwamsanga, ndipo pasapitirire miyezi 3 chiganizo chipangidwire. Khoti likhoza kuonjezera, koma pamafunika chifukwa chomveka, ndipo kusowa ndalama za loya kapena "timayembekeza kuti a DC atiyankha" sikudalirika. Kulemberana makalata ndi khonsolo sikuimitsa masikuwa. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: amayankha bwinobwino, chigamulo n'kutuluka, iwo n'kuyamba kuyenda kwa khansala, kwa phungu, kwa amfumu, mpaka mwezi wachinayi.

Pempho limatchula chiganizo chimene mukutsutsa, zifukwa zake za lamulo, ndi chimene mukufuna kuti khoti lilamule. Limatsagana ndi chikalata cholumbira chofotokoza zochitika motsata madeti, ndipo kalata ya khonsolo, yankho lanu lodindidwa lija ndi mapepala ena onse amaphatikizidwa pamenepo. Milandu yotereyi imagamulidwa makamaka pa mapepala, mboni siziitanidwa kawirikawiri, choncho chimene simunachilembe m'chikalatacho n'chimodzimodzi kulibe. Woyankha mlandu ndi amene anapanga chiganizo kapena amene anayenera kuchipanga. Ngati mukufuna kuti khoti linene kuti lamulo laling'ono lenilenilo ndi losavomerezeka, Attorney General, loya wamkulu wa boma, ayenera kutchulidwanso. Mapepala aperekedwe kwa woyankha pasanathe masiku 28 chiwasiyireni kukhoti, ndipo iye ali ndi masiku 14 oti ayankhe ndi chikalata chake cholumbira. Aliyense amene nkhaniyo ikumukhudza mwachindunji, monga mnansi amene anadandaula za mpanda wanu, apatsidwenso.

Chiletso

Kusiya mapepala kukhoti sikuimitsa khonsolo. Ngakhale chilolezo chitaperekedwa, muyenera kupempha padera kuti chiganizo chiimitsidwe kapena kuti pakhale chiletso. Order 10 ya malamulo a mu 2017 aja ikuti woweruza aone zinthu zitatu: ngati pali nkhani yeniyeni yoti iweruzidwe, ngati chipukuta misozi cha ndalama sichingakwanire, ndiponso ngati kupereka chiletso ndi chilungamo. Nyumba yokhalamo imene yatsala pang'ono kugwetsedwa imadutsa mosavuta pa funso lachiwiri. Bala lotsekedwa milungu iwiri limavutika, chifukwa phindu lotayika limawerengeka. Ndipo pa funso lachitatu woweruza amaganiziranso anthu ena: sadzatsegula lesitilanti yopanda madzi pakati pa mliri chifukwa choti kalata inalembedwa molakwika.

Popeza mbali inayo imakhala palibe, lamulo limafuna kuti muulule zonse, ngakhale zokuipirani. Ngati munalandirapo machenjezo awiri chaka chatha, nenani. Loya wa khonsolo akadzatulutsa makalata amene munabisa, chiletso chimachotsedwa pa chifukwa chokhacho, ngakhale mfundo zanu zina zikhale zabwino. Mumalonjezanso kuti mudzalipira zimene mbali inayo ingataye ngati zitadzapezeka kuti chiletsocho sichinayenere. Chiletso chotengedwa mwadzidzidzi chimakhala cha masiku amene woweruza waika, ndipo chimafuna kuti mubwererenso mbali zonse zilipo. Werengani lamulolo mpaka pansi, chifukwa anthu ena amalipachika pakhoma n'kumaganiza kuti nkhani yatha, chonsecho linatha mphamvu kalekale. Liperekeni ku ofesi ya DC tsiku lomwelo ndipo asainire. Munthu sangaimbidwe mlandu wonyoza khoti pa lamulo limene sanalidziwe.

Kupambana kumatanthauza chiyani

Khoti likhoza kufafaniza kalata kapena chiganizo, kuletsa khonsolo kupitiriza, kuilamula kuti ichite chimene lamulo likuiuza monga kupereka zifukwa kapena kumva pempho lanu la chiphaso, kapena kungonena mmene lamulo lilili. Chimene silichita ndi kukupatsani chilolezo chomangira kapena chiphaso cha mowa. Ngati munapambana chifukwa sanakumvereni, khonsolo ili ndi ufulu wolemba kalata ina yolongosoka, kukumverani bwinobwino, n'kufikanso pa chiganizo chomwe chija. Kupambana kotheratu kumabwera makamaka pamene khoti lanena kuti mphamvuyo khonsolo ilibe. Pa zina zonsezo mwapeza nthawi, ndipo nthawiyo ndi yoti mupereke pulani kuti iunikidwe, mukumbe chimbudzi, kapena musunthe mpanda.

Mukagonja, kawirikawiri mumalipira ndalama zimene mbali inayo yagwiritsa ntchito pa mlandu, kuonjezera pa za loya wanu. Pa shedi ya pamsika, ndalamazo zikhoza kuposa mtengo wa shediyo, ndipo loya woona mtima amakuuziranitu. Amene sangakwanitse kulipira loya apite ku Legal Aid Bureau, kumene amaona kaye kapezedwe ka munthu ndi kulimba kwa nkhani yake. Pitani ndi mapepala onse tsiku loyamba. Amalonda ambiri akalandira kalata yofanana, akhoza kusonkherana n'kupita pamodzi, koma aliyense ayankhe kalata yake m'dzina lake, chifukwa yankho la wapampando wa komiti silimuphimba amene sanasaine.

Ngati khonsolo yagwetsa kale kapena yalanda katundu musanamvedwe, nkhani imasanduka ya chipukuta misozi, ndipo ndime 28 ya malamulo aakulu a dziko yoletsa kulanda chuma cha munthu mwachisawawa imalowapo. Khoti limalipiritsa zimene zatsimikizidwa. Jambulani malowo musanasunthe njerwa ngakhale imodzi, lembani mayina a amene anaona ndi nambala ya galimoto imene inabwera, pemphani mndandanda wosainidwa wa katundu amene watengedwa, sonkhanitsani malisiti a simenti, malata ndi amisiri, ndipo pezani katswiri wowerengera mitengo ya nyumba alembe lipoti mvula isanawononge zotsalazo.